NAMBALA ZA MWAI NDI ZA TSOKA M'DZIKO LA CHINA

Anthu a ku China sali kutali ndi ife monga analiri m'masiku a makolo athu. Mu Disembala 2007 boma la Malawi, pokhala Bingu wa Mutharika ali mtsogoleri, linaleka ubale umene linali nao ndi chisumbu cha Taiwan chiyambire 1966, nilipalana ubwenzi ndi boma la ku Beijing. Ndipo kuyambira pomwepo Achina afika ambiri m'dziko muno. Iwo ndiwo anamanga nyumba ya malamulo ku Lilongwe, yotsegulidwa mu 2010, ndi sukulu yaikulu ya pa Ndata kwa anansi athu a ku Thyolo, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Ana athu ena agwira nchito kwa iwo, ena agula katundu m'masitolo mwao, ena apita kwao kukaphunzira. Ndipo amene ayenda nao adziwa kuti ambiri a iwo akonda nambala 8, koma nambala 4 aipewa. Pakumva ichi wina angoseka, wina ayesa kuti alendowo ali ndi chinsinsi cha chuma chimene ife tachisowa. Onse awiri sanafunse chiyambi chake, ndipo akulu anati, safunsa anadya phula. Tsono tiyeni, owerenga okondedwa, tifunse mbiri ya dziko lija, kuti itiuze kumene mwai ndi tsoka la nambala zinachokera.

LIU LIMODZI, MATANTHAUZO AWIRI

Poyamba tiyenera kuzindikira kanthu ka chinenero chao. Mau a Achina ali afupiafupi, ndipo ambiri amveka chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli m'kukweza ndi kutsitsa kwa liu. Ichi sichiri chachilendo kwa ife, pakuti nafenso tinena mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa malonda, khungu la pathupi ndi khungu la m'maso, ndipo khutu la mwini chinenero silisokonezeka. Koma kwa iwo mau otere achuluka koposa, kotero kuti munthu potchula nambala amva ngati watchulanso kanthu kena. Ku Beijing nambala 4 aitcha si, ndipo imfa aitchanso si, liu lokha litapindika mwina. Nambala 8 aitcha ba, liu loyandikana ndi fa, ndiko kulemera ndi chuma. Nambala 9 aitcha jiu, ndipo jiu ndiko kukhalitsa zaka zambiri. Nambala 6 aitcha liu, monga liu lonena kuyenda kwa madzi kopanda chopinga.

Chachiwiri ndi ichi: dziko la China liri lalikuru, ndipo malembo amodzi omwewo awerengedwa mosiyana m'zigawo zake. Chitsanzo chake tiri nacho pakhomo pathu pomwe. Tiyi amene Henry Brown anayamba kubzala kuno ku Mulanje mu 1891 ali chakumwa chimene Achina anayamba kumwa kale lomwe, ndipo dzina lake alilemba ndi chilembo chimodzi m'dziko lonse. Koma anthu a ku doko la Amoy anachiwerenga te, ndipo Adatchi ochita nao malonda anatengera liuli ku Ulaya, Angelezi nalilandira, natipatsa ife tiyi. Anthu a ku Canton anachiwerenga cha, ndipo Apwitikizi, amene anakhazikika pa Macau pafupi ndi chaka cha 1557, anatenga limenelo. Chifukwa chake mukaoloka Muloza kunka ku Milange mumva Chipwitikizi chikuti chá. Tsamba liri limodzi, maina awiri. Momwemonso ndi nambala. Ku Canton ndi ku Hong Kong nambala 2 imveka ngati liu lonena chinthu chosabvuta, ndipo 28 kumeneko ikhala ngati kunena kuti chuma chidza mosabvuta. Koma ku Beijing nambala 2 siimveka chotero konse. Nambala 3 ku Canton iyandikana ndi liu la moyo, pamene ku Beijing iyandikana ndi liu la kubalalika. Apa taona kale kuti mwai umenewu uyenda ndi lilime la munthu, nusintha pamene lilime lisintha.

NAMBALA ZA MAFUMU AKALE

Koma m'masiku akale nambala zinalemekezedwa pa chifukwa china, chosakhala cha kamvekedwe ka mau. Anzeru a ku China anaphunzitsa kuti zinthu zonse zigawika paŵiri, yang ndi yin, ndiko kuwala ndi mdima, kumwamba ndi pansi, mwamuna ndi mkazi. M'buku lao lakale la kuombeza, lotchedwa Yijing, limene James Legge wa ku Scotland analitembenuzira m'Chingelezi mu 1882, nambala zosagawika pakati, 1, 3, 5, 7 ndi 9, ziri za kumwamba, ndipo zogawika pakati, 2, 4, 6, 8 ndi 10, ziri za pansi. Anatinso dziko liyenda ndi mphamvu zisanu zolowana m'malo, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ndipo iri yonse ya izo iri ndi mtundu wake ndi nambala yake. Anali nachonso chithunzi cha nambala zisanu ndi zinai, chimene nthano yao iti chinaoneka pamsana pa kamba wotuluka mumtsinje wa Luo: mzere woyamba 4, 9, 2, wachiwiri 3, 5, 7, wachitatu 8, 1, 6. Ana a sukulu ayese kuonkhetsa mzere uli wonse, chopingasa, chotsika kapena chodutsa pa ngodya, ndipo adzapeza 15 nthawi zonse. Anthu akale poona kulongosoka kotere anayesa kuti apeza muyeso umene kumwamba kunayalira dziko.

Mfumu imene inayamba kugonjetsa maiko onse a China ndi kuwachita ufumu umodzi ndiyo Qin Shi Huang, m'chaka cha 221 asanabadwe Kristu. Wolemba mbiri wao wamkuru, Sima Qian, atiuza kuti mfumuyi inati ufumu wake uli wa mphamvu ya madzi, imene mtundu wake uli wakuda ndi nambala yake 6. Potero inalamula kuti magareta akhale otambalala mapazi 6, kuti gareta la mfumu likokedwe ndi akavalo 6, ndi kuti dziko ligawidwe m'zigawo 36, ndizo 6 kuchulukitsa ndi 6. Zonsezi zinachitika monga inanena. Koma mfumuyo inamwalira mu 210, ndipo pofika 206 ufumu wa banja lake unali utapasuka, utakhala zaka 15 zokha, pakuti anthu anatopa ndi misonkho ndi nchito ya thangata.

Nambala imene mafumu otsatira anaikonda koposa ndiyo 9, popeza iri yaikuru mwa nambala za kumwamba. M'mudzi wa mafumu ku Beijing, umene unatha kumangidwa mu 1420, zitseko zazikuru ziri ndi misomali ya mitu yagolidi mizere 9, mzere uli wonse misomali 9, yonse 81. Pa guwa lozungulira, lomangidwa mu 1530, pamene mfumu inali kupereka nsembe kwa kumwamba, pali mwala umodzi pakati, wozingidwa ndi miyala 9, kenaka 18, kenaka 27, kufikira 81. Pa mwinjiro wa mfumu anasokapo zinjoka 9. Anthu anasimba kuti nyumba za mfumu ziri ndi zipinda 9,999 ndi theka, chifukwa 10,000 ziyenera mwini kumwamba yekha. Koma pamene anaziwerenga m'masiku athu ano sizinakwane nambala imeneyo. Ndipo nambala yomweyi inali ndi kuopsa kwake. Tsiku la 9 la mwezi wao wa 9 analiyesa tsiku lochuluka mphamvu mopitirira, ndipo anthu anali kukwera mapiri kuthawa choipa. Ife takhala tikuopa nsonga ya phiri lathu, nitiitcha Sapitwa. Iwo pa tsiku la mantha anathawira pamwamba pa phiri. Mfumu yotsiriza, Puyi, inatula pansi ufumu mu 1912, misomali 81 iri chikhalire pazitseko.

MWANA WA TSIKU LACHISANU

Mantha a nambala sanathere m'nyumba za mafumu, koma anafika ndi pa mphasa ya mchembere. Mwezi wao wachisanu uli wa kutentha ndi nthenda, ndipo anthu anakhulupirira kuti mwana wobadwa tsiku la 5 la mwezi wa 5 adzadzetsa imfa kwa atate wake kapena amake. Sima Qian asimba za Tian Ying, kalonga wa dziko la Qi, amene anali ndi ana aamuna oposa 40. Mmodzi wa akazi ake anabala mwana pa tsiku lomwelo, ndipo kalongayo analamula kuti mwanayo asaleredwe. Koma make anambisa, namlera. Atakula anamuonetsa kwa atate wake, amene anapsa mtima, nati mwana wotere akafika msinkhu wa pamwamba pa chitseko adzaononga omubala. Mnyamatayo anafunsa ngati moyo wa munthu uchokera kumwamba kapena ku chitseko. Pakuti ngati uchokera kumwamba palibe chodera nkhawa, ndipo ngati uchokera ku chitseko, chitsekocho angochikweza. Atate wake anasowa choyankha. Mwanayo, dzina lake Tian Wen, ndiye analowa m'malo mwa atate wake, nakhala nduna yaikuru ya dziko la Qi, wodziwika ndi dzina la Mengchang, wodyetsa alendo zikwi zitatu pakhomo pake. Anamwalira mu 279 asanabadwe Kristu. Koma iye anapulumuka chifukwa cha kulimba mtima kwa make, ndipo ana ena obadwa tsiku lomwelo analibe wowabisa. Ife tisafulumire kunyoza, pakuti makolo athu ena anaopanso mwana woyamba kumera mano a m'mwamba.

Ndipo tisayese kuti Achina onse anabvomereza zimenezi. Wang Chong, wobadwa m'chaka cha 27 atabadwa Kristu, analemba buku lotchedwa Lunheng, m'mene anatsutsa kutaya ana a mwezi woyamba ndi wachisanu, natsutsanso kusankha masiku a kuika maliro, a kumanga nyumba, a kusoka zobvala ndi a kusamba m'mutu. Iye anaona kuti munthu akagwa m'tsoka ndipo ayamba kufunafuna tsiku limene analakwira, koma zikamuyendera bwino salifuna konse. Mau otsutsa mantha awa anatuluka mwa eni dziko okha, zaka zoposa 1,900 zapitazo.

NAMBALA 4 NDI NAMBALA 7

Chodabwitsa ndi ichi, kuti nambala 4, imene ambiri aiopa lero, inali yolemekezeka m'maphunziro akale. Nyengo za chaka kwao ziri zinai, mbali za dziko zinai, ndipo nyumba zakale za ku Beijing zinamangidwa zinai kuzinga bwalo limodzi. Zipangizo za mlembi, ndizo cholembera cha ubweya, inki, pepala ndi mwala woperera inki, anazitcha chuma chinai. Mphunzitsi Zhu Xi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1130 kufikira 1200, anasonkhanitsa Mabuku Anai a chiphunzitso cha Confucius. Ndipo kuyambira 1313 kufikira 1905 munthu wofuna nchito ya boma anayesedwa mayeso pa mabuku amenewo. Palibe anakana ukulu chifukwa mabukuwo anali anai. Kuipa kwa nambalayi kuli m'khutu mokha. Ndipo kunaolokera ku Japan ndi ku Korea chifukwa anthu a kumeneko anabwereka mau onse awiri, la nambala ndi la imfa, ku China. Kunakula pamene nambala zinayamba kulembedwa pa zinthu za masiku onse, pa zitseko, pa galimoto, pa matelefoni ndi pa zipinda za chipatala, pamene wodwala safuna kugonekedwa m'chipinda chotchula imfa. Ku Canton 14 iipa koposa, popeza imveka ngati kunena kuti imfa iri yosalephereka.

Nambala 7 iyenda ndi maliro, pakuti mwambo wao uli wa kukumbukira womwalira pakutha pa masiku 7 ali onse kufikira masiku 49, ndipo mwezi wa 7 auyesa mwezi umene mizimu iyendayenda. Pa ukwati apereka mphatso za ndalama m'maenivelopu ofiira, ndalama zogawika pakati, kuti zonse zikhale ziwiriziwiri monga mwamuna ndi mkazi. Zosagawika pakati azipereka pa maliro.

KUKWERA KWA NAMBALA 8

Nambala 8 inali ndi ulemu wake kale, pakuti zizindikiro za kuombeza za m'buku la Yijing ziri 8, ndipo m'nthano zao muli anthu 8 osafa. Koma kuiyesa nambala ya chuma kunakula pakati pa amalonda olankhula chinenero cha ku Canton, makamaka pa chisumbu cha Hong Kong, chimene Angelezi anachilandira ndi pangano la mu 1842. M'dziko lalikuru la China, Mao Zedong atatenga ulamuliro mu 1949, boma linadana ndi miyambo yotere, ndipo mu 1966 achinyamata anatumidwa kukaononga zakale. Chuma cha munthu payekha chinali chinthu cha manyazi ndi cha ngozi. Koma mu 1978 Deng Xiaoping anatsegula njira ya malonda, ndipo mu 1980 mudzi wa Shenzhen, woyang'anana ndi Hong Kong, unapatulidwa kuti amalonda akunja amangemo nyumba za makina. Ndalama za ku Hong Kong zinalowa pamenepo, ndipo pamodzi ndi ndalamazo panalowa chikondi cha nambala 8, nichifalikira kumpoto. Kotero chimene ena achiyesa nzeru yosasinthika ya makolo a Achina chinafika ponseponse m'dziko lao anthu ambiri a m'midzi mwathu muno atabadwa kale.

Boma la Hong Kong linayamba kugulitsa nambala za galimoto kwa wopereka zambiri mu 1973. Nambala 9 inagulidwa mu 1994 ndi madola a kumeneko 13 miliyoni, nambala 18 mu 2008 ndi madola 16.5 miliyoni, ndipo nambala 28 mu 2016 ndi madola 18.1 miliyoni. Mu 2003 kampani ya ndege ya Sichuan Airlines inagula nambala ya telefoni ya ma 8 asanu ndi atatu mumzinda wa Chengdu ndi ndalama za ku China, zotchedwa yuan, 2.33 miliyoni. Ndipo masewera a maiko onse a Olympic anatsegulidwa ku Beijing pa 8 Ogasiti 2008, nthawi ya 8 koloko madzulo, tsiku la 8 la mwezi wa 8 wa chaka chothera ndi 8. Koma chaka chomwecho, pa 12 Meyi, chibvomezi chachikuru chinagwedeza chigawo cha Sichuan, nichipha anthu oposa 69,000. Pamenepo ena anawerenga napeza kuti tsokalo linagwa masiku 88 asanayambe masewerawo, ndi kuti 5 ndi 1 ndi 2 pamodzi zipanga 8. Nayamba kunena kuti kapena nambalayo yatembenuka. Anachita chomwecho chimene Wang Chong anachinena kale.

ZIPATSO ZAKE

Ngakhale nambala iribe mphamvu mwa iyo yokha, chikhulupiriro cha anthu chibala zipatso zooneka. Ku Vancouver, m'dziko la Canada, kumene kukhala Achina ambiri, anthu ophunzira anasanthula malonda a nyumba zoposa 100,000, nalengeza mu 2014 kuti m'madera ochuluka Achina nyumba ya nambala yothera ndi 4 inatsika mtengo ndi madola 22 pa 1,000 ali onse, ndipo yothera ndi 8 inakwera ndi madola 25. Njerwa ndi denga ziri zomwezo. Chokweza mtengo ndicho kudziwa kuti wogula wa mawa adzafunanso 8. Omanga nyumba zosanja anayamba kulumpha nambala powerenga nsanjika zake. Ku Hong Kong mu 2009 nyumba ina ya pa Conduit Road, ya nsanjika 46, inatcha nsanjika yake ya pamwamba 88, ndipo boma linaika malire pa mchitidwewu chaka chotsatira. Akulu a mzinda wa Vancouver mu 2015 analetsa kulumpha 4, ndi kulumphanso 13 imene Azungu aiopa, chifukwa ozima moto, pokwera makwerero mu utsi, awerenga nsanjika ndi miyendo yao, ndipo nambala yonama ingawasokeretse pamene munthu alinkupsa. Poyesa kuthawa dzina la imfa anali kuitsegulira imfa yeniyeni khomo.

Nanga ife titengepo chiani? Pokhala ndi mlendo wa ku China tiyenera ulemu. Ife sitinena kwa wofedwa kuti uje wafa, koma titi watisiya, ndipo mfumu titi yagona. Tidziwa kuti liu loŵaŵa lilasa mtima. Momwemo tisampatse mlendoyo mphatso zinai, kapena wotchi ya pakhoma, pakuti kupereka wotchi m'chinenero chao kumveka ngati kuperekeza maliro. Ndipo akapempha chipinda china kusiya cha nambala 4, tisamseke. Koma ulemu suli kukhulupirira. M'Chinyanja chathu 4 ndi zinai, liu losatchula imfa, ndipo 8 ndi zisanu ndi zitatu, mau osatchula chuma. Mwai wa ba ndi fa sungathe kuoloka nyanja, chifukwa ukhala m'kamwa mwa eni ake. Achinyamata athu amene ataya ndalama za sopo ndi za sukulu pa juga ya pa telefoni, nayembekeza kuti nambala ina idzawalemeretsa, akumbukire kuti ufumu wa akavalo 6 unatha m'zaka 15, ndi kuti chuma chimene China wapeza chiyambire 1978 chinadza ndi minda, makina ndi masukulu.

Ziripo nambala zimene ziyenera maso athu onse. Wothyola tiyi ayang'anitse nambala ya pa sikelo pamene dengu lake liyesedwa, ndipo aone kuti yolembedwa m'buku ndi yomweyo. Mlimi awerenge matumba a chimanga ndi miyezi yotsala kufikira masika. Mai asunge khadi la mwana la ku sikelo, naone ngati kulemera kwake kukwera mwezi ndi mwezi. Wokongola ndalama afunse chiongola dzanja chake asanadinde chala. Nambala izi sizinena za mawa mwa matsenga, koma zinena zoona za lero, ndipo wozisamala apulumutsa banja lake ku njala ndi ku ngongole. Ndipo mwana akabadwa pa tsiku limene ena aliyesa loipa, timlandire ndi nthungululu monga ana onse. Akatalika kufikira pamwamba pa chitseko, tidzakweza chitsekocho.